Safunsa Anadya Phula: Maganizo pa Kanema wa Desk Set

Mwa ntchito zonse zimene anthu amagwira m'maofesi akuluakulu, ilipo ina imene ambiri saidziwa, ngakhale adya zipatso zake tsiku ndi tsiku. Ntchitoyi ndiyo ya munthu wa m'laibulale amene sanaikidwe kuti azibwereketsa mabuku, koma kuti aziyankha mafunso. Iye akhala pa tebulo lake, lamya ili pambali, mabuku otanthauzira mawu ndi a mapu ali kumbuyo kwake. Ndipo anzake a m'zipinda zina, akasowa kanthu, amuimbira. Wina afuna kudziwa kutalika kwa mtsinje wakuti, wina chaka chimene mfumu yakuti inamwalira, winanso dzina la mbalame imene inautsa mtsutso dzulo pa mowa. Mafunso ena ndi a ntchito, ena ndi ocheza nawo chabe, ndipo ena ndi odabwitsa kotero kuti woyankha ayamba waluma mlomo kuti asaseke.

Nkhani zolembedwa za anthu otere nzochepa ndithu. Chifukwa chake nkoyenera kuti tiyese bwino kanema wa ku America wotchedwa Desk Set, amene anatuluka mu 1957, pakuti iye anaika woyankha mafunso patsogolo pa anthu onse. Ine ndiona kuti kanemayu ndi wokoma, ndiponso anaona patali. Koma pa chinthu chimodzi chachikulu anaphonya: anatamanda woyankha mafunso chifukwa cha kukumbukira kwake, pamene luso lake lenileni lili pa kumvetsa chimene wofunsayo afuna. Ichi ndicho ndifuna kuti tilingalire pamodzi, inu owerenga ndi ine.

Nkhani yake mwachidule

Nkhaniyi inayamba ngati sewero la pa nsanja, limene William Marchant analemba, ndipo linaonetsedwa ku New York mu 1955. Pambuyo pake Phoebe Ephron ndi mwamuna wake Henry Ephron analikonza kuti likhale kanema, ndipo wotsogolera kujambula anali Walter Lang. Osewera akulu anali Katharine Hepburn ndi Spencer Tracy, amene anasewera limodzi m'makanema 9 kuyambira 1942 kufikira 1967. Uyu anali wachisanu ndi chitatu.

Hepburn asewera ngati Bunny Watson, mkulu wa chipinda cha mafunso pa kampani yopeka ya wayilesi yakanema mu mzinda wa New York. Pansi pake pali akazi atatu: Peg, Sylvia ndi Ruthie. Tsiku lina m'chipindamo mulowa mwamuna wachilendo, Richard Sumner, amene ayamba kuyeza makoma ndi tepi osanena chimene wadzera. Iyeyu ndiye anapanga makina oganiza otchedwa EMERAC, ndipo mkulu wa kampani wamuuza kuti asaulule kanthu. Akaziwo, poona zimenezi, aganiza kuti makinawo adzawalanda ntchito.

Makina afika, adzaza chipinda, magetsi ake ali kuthwanima. Pa tsiku la malipiro akazi onse anayi apeza m'maenivelopu mwawo kapepala kowachotsa ntchito. Tsono akhala pansi, manja ali pachifuwa, nasiya lamya kuti iyankhidwe ndi mayi amene anabwera kudzayendetsa makinawo. Mayiyu asokonezeka, makina alavula zinthu zosagwirizana ndi mafunso, ndipo akazi aja adzuka napeza mayankho m'mabuku mwawo. Pomaliza zidziwika kuti makina ena, a ku ofesi ya malipiro, anachotsa ntchito anthu onse m'nyumbamo, ndi mkulu wa kampani yemwe. Chinsinsi chinali chakuti kampaniyo iphatikana ndi ina, ndipo ntchito idzachuluka. Palibe achotsedwa, Sumner akonza makina ndi kapini ka m'tsitsi la Bunny, ndipo awiriwo agwirizana za ukwati.

Tisaiwale nyengo imene nkhaniyi inalembedwa. Makina aakulu owerengera a ENIAC anaonetsedwa poyera mu 1946. Mu November 1952 kampani ya wayilesi ya CBS inagwiritsa ntchito makina a UNIVAC usiku wa chisankho, ndipo analosera kuti Eisenhower apambana kwambiri, mavoti owerengedwa akali ochepa. Kotero mantha a akazi anayi aja sanali nthano. Anali mantha a makalaliki ambiri a masiku amenewo.

Zimene kanemayu anakhoza

Choyamba chimene ndiyamikira ndi ulemu umene kanemayu apatsa funso laling'ono. Lamya ikalira, wina afunsa mayina a nyama zonga mphalapala zimene ana a ku America amauzidwa kuti zimakoka ngolo ya Santa Claus pa Khirisimasi. Wina afuna mawu a ndakatulo ya Longfellow yonena za Hiawatha. Wina afunsa za katswiri wa masewera a baseball. Akaziwo sanyoza wofunsa, samfunsanso kuti, kodi mulibe ntchito ina? Ayankha ndi mawu ofatsa, nabwezera lamya pamalo pake. Pa phwando la Khirisimasi Sumner mwini wake anyamula lamya, nafunsidwa za nyama zija, ndipo asakaniza mayina ake ndi a anthu aafupi a m'nthano ina. Pamenepo tiseka, koma tiphunziranso kuti funso limene wanzeru aliyesa lachabe likhoza kumugwetsa.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mwambiwu susankha funso lalikulu kapena laling'ono. Mu 1951 Sir Hugh Beaver, mkulu wa kampani ya mowa ya Guinness, anatsutsana ndi anzake pa ulenje ku Ireland za mbalame yosakidwa imene iuluka mofulumira koposa mu Ulaya, ndipo sanapeze buku lothetsa mtsutsowo. M'kusowa kumeneko munabadwa buku la Guinness la zinthu zopambana zonse, limene linasindikizidwa koyamba mu 1955. Mtsutso wa alenje unabala buku limene lafika pafupifupi m'maiko onse. Nanga ndani angaime nanena kuti funso lakuti nlachabe?

Chachiwiri, kanemayu anaona bwino chimene chimachitika ofunsa akakhala anzako a pa ntchito. Mlendo wobwera ku laibulale ya mumzinda afunsa, athokoza, napita. Koma mnzako wa m'nyumba imodzi atenga yankho lako, alilemba m'lipoti lake, nasayina dzina lake pansi. Bunny ali ndi bwenzi, Mike Cutler, amenenso ndi bwana wake, ndipo wakhala akumuyembekeza zaka 7 kuti anene za ukwati. Cutler abwera ndi lipoti lake la ndalama kuti Bunny alikonze, ndipo pambuyo pake wokwezedwa pa udindo ndi Cutler. Olemba sanachite phokoso pa mfundoyi; anangoiika pamenepo kuti woona aone. Wolima ndi wina, wokolola ndi wina. Aliyense amene anagwirapo ntchito yothandiza anzake mu ofesi adzazindikira chilonda chimenechi. Ndiponso apa ndipo pagona tsoka la chipinda cha mafunso: popeza zipatso zake zimatuluka ndi mayina a eni ena, tsiku lochepetsa antchito likafika, akulu a kampani saona chimene chipindacho chimapindula.

Chachitatu, kanemayu aonetsa kuti chimene chinazunza antchito si makina ayi, koma kubisa. Mkulu wa kampani akadaitana akazi anayiwo nawauza zoona, sakadagona ndi nkhawa masabata onse aja. M'malo mwake uthenga uyenda m'makonde ndi pa lamya, aliyense akuonjezapo kake. Nzomvetsa chisoni, ndiponso nzoseketsa, kuti anthu amene ntchito yawo ndi kudziwa zinthu za dziko lonse ndiwo sadziwa chimene chikuchitika pa tebulo lawo lomwe.

Pamene anaphonya

Tsono tifike pa cholakwa. Malo otchuka koposa m'kanemayu ndi pamene Sumner atengera Bunny pamwamba pa nyumba yosanja, kunja kukuzizira, kuti adye masangweji ndi kumuyesa nzeru. Amufunsa za sitima ndi anthu okwera ndi otsika pa masiteshoni. Amuuza manambala kuti awabwereze. Amuponyera chilapi cha awiri opezeka atafa pansi, pambali pali madzi ndi magalasi osweka, mphaka ali pamwamba. Bunny amasula zonse, nazindikira kuti akufawo ndi nsomba za m'botolo. Hepburn asewera malowa mwaluso kwambiri, akunjenjemera ndi chisanu, koma osaphonya yankho. Sumner adabwa, ndipo ife oonera tidabwa naye.

Koma taganizani chimene chayesedwa pamenepa. Sumner wamuyesa Bunny monga mmene ayesera makina ake: kodi asunga zambiri bwanji, ndipo azitulutsa msanga bwanji? Bunny apambana chifukwa iyenso ali ngati makina, koma okongola. Olemba atavomera muyeso umenewu, anali atagonja kale osadziwa. Pa mpikisano wa kuloweza ndi kufulumira, munthu akhoza kutsogola chaka chino, koma chaka chamawa makina adzamupitirira. Kanema mwini avomereza zimenezi pamene EMERAC ayankha m'kamphindi funso la mbozi zoononga nkhalango za America, limene linatengera akaziwo nthawi yaitali.

Anthu a malaibulale anadziwa kalekale kuti luso lawo lili pena. Mu 1876 Samuel Green, wa laibulale ya mzinda wa Worcester ku Massachusetts, analemba nkhani yolangiza anzake kuti asamangoloza wowerenga ku kabati ya makhadi, koma azicheza naye ndi kumuthandiza monga mlendo wolemekezeka. Mu 1968 Robert Taylor anafotokoza kuti funso limayenda masitepe anayi lisanafike kwa woyankha. Poyamba munthu angomva kusowa mumtima, osatha kukutchula. Kenaka ayamba kukuganiza m'mutu, koma mosokonezeka. Pachitatu akuika m'mawu omveka. Pachinayi, ndipo apa mpofunika, asintha mawuwo kuti afanane ndi chimene aganiza kuti laibulale ingathe kupereka. Chotero chimene chifika m'khutu la woyankha ndi chomaliza, chimene kawirikawiri chasiyana ndi choyamba. Ntchito yake ndi kubwerera m'mbuyo ndi wofunsayo, pang'onopang'ono, kufikira apeze pamene panayambira kusowa.

Tiyerekeze chonchi. Mnzako wa mu ofesi aimba nafunsa kuti munthu amene wagwira ntchito zaka 10 amalandira ndalama zingati akachotsedwa. Ukhoza kutsegula buku la malamulo nkumuwerengera. Koma womva bwino adzafunsa mofatsa ngati akulemba nkhani ya pa wayilesi, kapena alipo wina amene zamugwera; pakuti woyambayo afuna chiwerengero, koma wachiwiriyo afuna kudziwa khomo limene angagogode mawa m'mawa. Mawu a funso ndi amodzi, koma mayankho ndi awiri.

Laibulale yaikulu ya mzinda wa New York inasunga bokosi la timakhadi tolembapo mafunso achilendo amene anthu anafunsa kuyambira zaka za m'ma 1940 kufikira za m'ma 1980, ndipo ena mwa iwo anasindikizidwa m'buku mu 2019. Wina anafuna tanthauzo la kulota ukuthamangitsidwa ndi njovu. Wina anafunsa ngati nkoyenera kupita yekha ku Reno kukathetsa ukwati. Owerenga amaseka, ndipo palibe choipa pa kuseka. Koma Reno ndi mzinda wa ku Nevada kumene, kuyambira 1931, munthu ankatha kusudzulidwa atakhalako masabata 6 okha. Wofunsayo anaveka funso lake malaya a mwambo ndi ulemu, koma mkati mwake munali banja lakutha ndi mantha a ulendo wautali. Funso lodabwitsa nthawi zambiri ndi funso lolemera limene lachita manyazi.

Mu Desk Set luso limeneli silipatsidwa malo oyenera. Akazi aja amva funso, natulutsa yankho, ngati munthu wothyola chimanga m'munda. Ndipo chodabwitsa nchakuti, chakumapeto, wobweza funso kwa wofunsa ndi makina. Wina atafuna kudziwa kulemera kwa dziko lapansi, EMERAC afunsa ngati awerengere pamodzi ndi anthu okhalamo kapena ayi. Olemba anaika zimenezi kuti tiseke, pakuti dziko lilemera pafupifupi makilogalamu 6 otsatidwa ndi maziro 24, ndipo anthu onse pamodzi sasintha kanthu pa muyesowo. Koma taonani chimene anachita: chida chenicheni cha woyankha mafunso, ndicho kufunsanso, anachipereka kwa makina ngati nthabwala, ndipo chida cha makina, ndicho kuloweza, anachipereka kwa munthu ngati ulemerero. Anasinthanitsa makasu a alimi awiri.

Palinso china. Bunny salakwa konse, ndipo ichi si choona pa munthu aliyense. Mu 1986 Peter Hernon ndi Charles McClure anafalitsa zotsatira za kuyesa malaibulale a ku America potumiza anthu ofunsa mobisa. Anapeza kuti mwa mafunso 100 ofuna yankho lolunjika, oyankhidwa molondola anali pafupifupi 55. Chiwerengerochi chinawawa anthu a ntchitoyi, koma chinawaphunzitsa kuti mdani wamkulu wa woyankha ndi kudzikhulupirira. Woyankha wabwino sanena za m'mutu ngakhale azidziwa. Atsegula buku, naonetsa tsamba, nauza wofunsa kumene mawuwo achokera. Ndipo akalephera sachita manyazi kunena kuti sanapeze. Kanema amene akadaonetsa Bunny akulakwa kamodzi, nabwerera kukakonza, akadatiuza zambiri za ntchito yake koposa chakudya cha padenga chija.

Funso la mfumu ya Atutsi

Lilipo funso limodzi m'kanemayu limene woonera wa mu Africa sangalidutse osaima. Pa tsiku la chisokonezo chija, wina aimba kufunsa ngati mfumu ya Watusi, ndiwo Atutsi, imayendetsa galimoto. Makina atulutsa nkhani ya kanema wina, King Solomon's Mines, wa mu 1950, wochokera m'buku la H. Rider Haggard la mu 1885, mmene munali Atutsi ovina. Nthawi yomweyo funso la chilumba cha Corfu lilembedwa molakwa, ngati mawu a Chingelezi otanthauza belu loletsa kuyenda usiku, ndipo makina alavula ndakatulo yaitali. Oonera aseka makina, akazi aja napulumutsa zinthu.

Koma tiyeni tiyang'ane funso lenilenilo. Mu 1957 dziko limene Abelgium ankalamulira pansi pa dzina la Ruanda-Urundi linali ndi mafumu awiri: Mutara III Rudahigwa wa Rwanda, amene analamulira kuyambira 1931 kufikira imfa yake mu 1959, ndi Mwambutsa IV wa Burundi, amene anakhala pa mpando kuyambira 1915 kufikira 1966. Ndiponso aliyense wa iwo anali mfumu ya dziko lonse, osati ya Atutsi okha. Woyankha wochenjera akadayamba wafunsa kuti, mfumu iti, ya dziko liti? Funsolo linafika lopindika, pakuti wofunsa ankadziwa Africa wa m'kanema, wa anthu aatali ovina, ndipo chomuseketsa chinali kuganiza munthu wotere ali pa chiwongolero. Patangopita zaka ziwiri, mu 1959, Rwanda inalowa m'chipwirikiti chachikulu. Ufumu unathetsedwa mu 1961, ndipo maiko onse awiri analandira ufulu mu 1962. Chimene ku New York chinali funso loseketsa, kwa eni dziko inali nkhani ya moyo ndi imfa.

Sinditi olemba sewero lanthabwala anayenera kuphunzitsa mbiri ya Africa. Chimene nditi nchakuti malo amenewa aonetsa poyera cholakwa chimene tatchula. Yankho lolondola la funso lopindika limasiya wofunsa ali wopindika monga anabwerera. Makina apereka chimene wapempha. Munthu womvetsa akhoza kukuonetsa kuti wapempha molakwa, ndipo akhoza kutero mwaulemu, osakuchititsa manyazi. Kanemayu anali ndi mwayi woonetsa kusiyana kumeneku, koma anaudutsa.

Mathero ofewa

Mathero a Desk Set ndi okoma ngati uchi, ndipo chifukwa chake tiyenera kuwalawa mosamala. Kumayambiriro kwa kanemayu kwalembedwa mawu othokoza kampani ya IBM chifukwa cha thandizo lake. Si chodabwitsa tsono kuti phunziro lomaliza nlakuti makina sanabwere kudzachotsa munthu, koma kudzamupeputsira katundu. Mantha onse aja asanduka kusamvana chabe, ndipo ukwati uphimba zotsala. Ine ndiona kuti apa olemba anafewetsa nkhani imene anaiyamba molimba mtima. Funso la akaziwo linali loona: kodi mawa tidzadya chiyani? Kuliyankha ndi makina osokonezeka a ku ofesi ya malipiro ndiko kuthawa mlandu.

Zaka zotsatira zinaweruza mbali zonse ziwiri. Kwa nthawi yaitali makompyuta anathandizadi anthu a malaibulale, monga kanemayu analonjeza. Koma intaneti itafala, ndipo Google itayamba mu 1998, munthu aliyense anatha kudzipezera yekha mayina a nyama za Santa Claus, ndipo makampani ambiri a nyuzipepala ndi a wayilesi anachepetsa kapena kutseka zipinda zawo za mafunso. Mu February 2011 kompyuta ya IBM yotchedwa Watson inagonjetsa akatswiri awiri, Ken Jennings ndi Brad Rutter, pa mpikisano wa mafunso wa Jeopardy. Dzinalo linachokera kwa Thomas J. Watson, mkulu wakale wa IBM, osati kwa Bunny. Komabe kufanana kwake kuli ndi phunziro. Mpikisano wa padenga uja unachitikanso, ndipo ulendo uno munthu anagonja. Akazi anayi aja sanalakwe kuopa.

Koma mbali inayo nayonso inaoneka. Pa mpikisano womwewo Watson, atafunsidwa za mzinda wa ku United States, anatchula Toronto, umene uli ku Canada. Ndipo makina a masiku ano, amene amayankha m'ziganizo zosalala ngati munthu, ali ndi nthenda imene EMERAC analibe. EMERAC akasokonezeka ankalira ndi kutulutsa utsi, kotero kuti aliyense ankadziwa kuti zinthu zavuta. Atsopanowa akhoza kupeka chinthu chimene kulibe, nachinena ndi mawu odekha omwe aja amene anenera zoona. Mu 2023 woweruza wa ku New York analipiritsa maloya 5,000 dollars chifukwa anapereka kukhoti milandu yakale imene ChatGPT inapeka. Mu May 2025 nyuzipepala ya Chicago Sun-Times inasindikiza mndandanda wa mabuku 15 oti anthu awerenge, ndipo 10 mwa iwo sanalembedwe ndi munthu aliyense. Pa zochitika zonse ziwirizi panasowa munthu mmodzi wochita ntchito yosaoneka ija: kupita ku shelefu, kutsegula buku, ndi kuona ngati chinthucho chilipodi.

Mawu otsiriza

Kodi tsono Desk Set timuike pati? Monga sewero lanthabwala, ali ndi mphamvu kufikira lero. Mawu ake ndi akuthwa, Hepburn ndi Tracy amvana ngati ng'oma ndi wovina, ndipo Joan Blondell, amene asewera Peg, apatsa chipindacho mtima wa munthu amene waona zambiri. Ndi chinthu chosowa kuona kanema wa zaka zimenezo amene aonetsa akazi anayi odziwa ntchito yawo koposa amuna owalamulira. Pa zimenezi ndimuvulira chipewa.

Koma monga chithunzi cha ntchito yoyankha mafunso, ajambula chovala nasiya munthu. Akadafuna kuteteza Bunny Watson, sakadatiuza kuti aloweza zambiri. Akadationetsa akumvetsera, akufunsanso, akutsimikiza, ndi kuvomera pamene walephera. Zinthu zinayi zimenezi ndizo zimene mnzako wa mu ofesi afuna kwa iwe akakuimbira ndi funso lake lopanda mutu, ngakhale iye mwini sadziwa kuti azifuna. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekha kumeneku sikuoneka bwino m'kanema, pakuti kulibe liwiro kapena magetsi othwanima.

Kwa inu amene ntchito yanu ndi kuyankha anzanu, kaya m'laibulale, kaya pa tebulo lina lililonse limene anthu amadzera kudzafunsa, ndinena ichi: musapikisane ndi makina pa kukumbukira, pakuti mlanduwo unatha kale. Mnzanu akadzafunsa chinthu choseketsa, sekani mumtima, koma mumufunse chimene afuna kuchita nalo yankholo. Ndipo kwa ife ofunsa, amene tiri ambiri, tikalandira yankho, kaya kwa munthu kaya kwa makina, tiphunzire kufunsa funso lachiwiri, lakuti mawuwa achokera kuti. Wosafunsa anadya phula. Koma wofunsa kamodzi kokha, nameza chilichonse chimene wapatsidwa, akhozanso kulidya.